Kalata yotseguka kwa a Meya: malo odyera usiku asanduka misampha

Olemekezeka a Meya,

Tikulemba ndife ophika ndi ogulitsa chakudya usiku mumzinda muno. Tinadandaulapo kale mwakachetechete ku maofesi a khonsolo, yankho silinabwere, ndiye lero tikuyankhula poyera.

Ikakwana 10 koloko usiku, malo ambiri ogulitsa tchipisi ndi nkhuku amakhoma chitseko chazitsulo ndi loko poopa mbava, n'kumapereka chakudya pawindo. Kiyi amakhala ndi mlonda panja, kapena bwana wapita naye kunyumba. Mkatimo muli anthu atatu kapena anayi, silinda ya gasi, ndi mafuta otentha pafupifupi madigiri 180. Khomo ndi limodzi lomwelo. Mafuta obwerezedwa masiku angapo sachedwa kufuka utsi, ndipo wophika akatembenuka kukapereka chenji amatha kuyaka okha. Munthu wosaphunzitsidwa amathamangira ndowa yamadzi. Madziwo amamira pansi pa mafuta, amasanduka nthunzi nthawi yomweyo, n'kumwaza moto mpaka kudenga. Choyenera n'kutseka gasi, kuvindikira chiwaya ndi chivindikiro chachitsulo kapena bulangete lozimitsira moto, ndi kuchisiya pomwepo mpaka chizizire. Ndi angati mwa anyamata ndi atsikana athuwa amene anauzidwapo zimenezi? Nanga moto ukafika pa paipi ya gasi, athawira kuti loko ali kunja?

Paipi imeneyo nayo ndi nkhani. Yambiri ndi yong'aluka, yomangidwa ndi mphira m'malo mwa kilipu yachitsulo. Kuyeza kwake sikufuna ndalama: thovu la sopo polumikizira, likatukusira ndiye kuti gasi akutuluka. Zozimitsira moto zilipo m'malo ena, koma singano yosonyeza mphamvu yake inagwa kalekale.

Zina mukuzidziwa. Magetsi akathima fuliji imafunda, nkhuku yophikidwa masana imagulitsidwa 2 koloko m'mawa itangotenthetsedwa pamwamba. Madzi osamba m'manja ndi a m'beseni limodzi la aliyense, chonsecho kolera ya 2022 mpaka 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Oledzera amamenyana ndi mabotolo pakhomo. Atsikana oweruka 3 koloko m'mawa amakwera kabaza wosamudziwa mumdima.

Mdimawo, bwana, munatilonjeza pa kampeni kuti utha. Mapolo alipo, nyali siziyaka. Koma wotolera msonkho saphonya tsiku, ndipo chiphaso chikatha amabwera msanga kudzatseka. Sitikukana kulipira. Tikufunsa chimene ndalamazo zikutigulira.

Tikudziwa kuti khonsolo ili ndi zambiri pamutu, ndipo sitikupempha kuti malowa atsekedwe. Akudyetsa mabanja, komanso anamwino, alonda ndi madalaivala ogwira ntchito usiku. Pempho lathu ndi ili: oyendera zaumoyo ndi ozimitsa moto azibwera usiku, pamene chitseko chili chokhoma, osati masana pamene zonse zaoneka bwino. Chiphaso chisaperekedwe popanda khomo lachiwiri lotseguka kuchokera mkati, chozimitsira moto chogwira ntchito, ndi silinda yoikidwa kunja kwa khitchini pamalo opita mphepo. Ozimitsa moto atiphunzitse, ngakhale tsiku limodzi. Ndipo nyali za m'misewu yomwe timagulitsira zikonzedwe mvula isanayambe.

Titchulireni tsiku, tidzakuperekezeni tokha pakati pausiku.

Ife,
Ophika ndi ogulitsa chakudya usiku