Lipoti la msonkhano wa njira za njinga zodutsa m'nkhalango ndi m'zigwa

A Wapampando, a komiti ndi mamembala nonse,

Munandituma kukaimira gulu lathu ku msonkhano wa masiku awiri wa magulu a okwera njinga za gravel, zoyendera m'misewu yadothi ndi yamiyala, ndipo ndabwerako bwino. Zikomo pondikhulupirira. Funso limene munandisenzetsa linali limodzi: tisanaike njira zathu pa intaneti kuti aliyense azizitsata, tiyambe tachita chiyani? Yankho ndabwera nalo, koma ndi lotipatsa ntchito. Tisaike poyera njira iliyonse imene sitinaipondetse matayala athu kawiri, kunja kutauma komanso mvula itagwa.

M'mawa wa tsiku loyamba anatikumbutsa kumene masewerowa achokera. Mpikisano wa Unbound Gravel, umene umachitikira ku Emporia m'chigawo cha Kansas ku America, unayamba mu 2006, ndipo mtunda wake wotchuka ndi mamailosi 200 m'misewu ya miyala yakuthwa yong'amba matayala. Bungwe la UCI, loyang'anira mipikisano ya njinga padziko lonse, linachititsa mpikisano wake woyamba wa akatswiri a gravel mu 2022 ku Veneto m'dziko la Italy. Kwa amuna anapambana Gianni Vermeersch wa ku Belgium, kwa akazi Pauline Ferrand-Prévot wa ku France. Mayinawa anangowatchula podutsa. Chimene ankafuna kuti timve n'chakuti okwera achuluka mofulumira, pomwe tinjira ta m'nkhalango ndi m'mbali mwa mitsinje n'tomwe tija, ndipo sitinalambulidwe poganizira khamu la njinga.

Za zipangizo sindichulutsa, poti ambiri mukuzidziwa. Matayala a mamilimita 38 mpaka 45 m'lifupi ndiwo ambiri anawavomereza pa njira zosakanikirana. Mpweya usamakhale wothina ngati wa pa tala, chifukwa tayala lolimba kwambiri limadumphadumpha pa miyala m'malo mogwira pansi. Amene ali ndi matayala opanda chubu anakumbutsidwa kuti mankhwala otseka mabowo aja amauma pakapita miyezi, ndiye chubu, zigamba ndi pampu zisamatsale kunyumba.

Nkhani inayamba kukoma titafika pa mapu. Mapulogalamu ambiri okonzera maulendo pafoni amadalira OpenStreetMap, mapu amene amalembedwa ndi anthu odzipereka. M'menemo njira zadothi amaziika m'magulu 5, kuyambira grade1, yolimba bwino, mpaka grade5, ya dothi lofewa, mchenga kapena udzu. Mayi wina amene wakhala akulemba njira kwa zaka zambiri anatiunikira vuto lake: chizindikirocho chimanena mmene njira inalili tsiku limene wolembayo anadutsa. Mapu amadziwa kumene njira ikulowera, koma sadziwa kuti dzana mtengo unagwera pakati, kapena kuti mlatho wamatabwa unapita ndi madzi. Ine apa ndinakumbuka njira zathu ziwiri zija zimene tinazijambula pa kompyuta osaziyenda. Mtima wanga sunakhazikike.

Tsiku lachiwiri anatitulutsa mu holo kukayenda ulendo wolowa m'nkhalango n'kutsikira kuchigwa. Usiku wake kunali kutagwa mvula, ndipo okonza msonkhano anachita dala osasintha njira kuti tione tokha. Kumtunda zonse zinali bwino, msewu wa miyala utamwa madzi onse, fumbi litagona. Titatsikira m'chigwa, dothi linasanduka makande. Sitinayende mamita 100 matayala asanayambe kunenepa. Matope anadzaza pakati pa tayala ndi felemu mpaka gudumu lakumbuyo linakana kuzungulira, moti aliyense anatsika n'kuyamba kukokota ndi kamtengo. Mnyamata wina anakakamira kupalasa. Tinangomva kuti "thyo!", kachitsulo kosinthira magiya kakumbuyo katathyoka n'kulowa m'masipoko. Tinamudulira tcheni kuti aziyenda ndi giya imodzi, ndipo ntchitoyo inatidyera nthawi yaitali manja ali matope okhaokha. Anatiuza kuti ngakhale akatswiri zinawaonekera pa Unbound ya 2023, pamene matope omata anawatsitsa ambiri n'kuyamba kunyamula njinga pamapewa. Pa mapu, chigawo chimene tinavutikacho chinali kamzere kosalala, kopanda chitunda ngakhale chimodzi.

Powolokera mtsinje ndi pamene ndinaphunzira kwambiri, ndipo ndikupempha kuti mumvetsere bwino. Wotitsogolera sanalole munthu kulowa m'madzi msanga. Anazika kandodo m'mphepete penipeni pamene madzi analekezera, natiuza kuti tipume kaye. Patapita kanthawi tinabwerera kukaona: madzi anali asanakwere, ndiponso anali kuyera moti miyala yapansi imaoneka. Anafotokoza kuti mtsinje umadzala ndi mvula imene yagwa kutali kumtunda, ngakhale pamene mwaimapo dzuwa likuwala. Madzi akafiira, akamabwera ndi zinyalala ndi nthambi, bwererani. Madzi othamanga ofika m'mawondo amagwetsa munthu wamkulu. Powoloka, njinga muziinyamula ndipo ikhale mbali ya kumunsi kwa mtsinje, kuti madzi akaikankha isakupsinjeni miyendo. Kupalasa m'madzi ofika pa habu, pakati pa gudumu, kumalowetsanso madzi ndi mchenga m'mabelingi, ndipo kulira kwake mumakumva patapita masabata. Tikangowoloka, mabuleki tiziwayesa kaye tisanayambe kuthamanga, poti akanyowa amachedwa kugwira.

M'nkhalango muli zake. Mizu yonyowa imaterera ngati sopo, ndipo njira yoidutsira ndi kuilunjika mopingasa, zala zitachoka pa buleki. Koma zimene zinandikhudza ndi zimene ife timachitira nkhalangoyo. Tikapeza chithaphwi pakati pa kanjira, tonse timakonda kulambalala m'mbali kuti tisade. Wachiwiri amalambalala pamene woyamba analambalala, ndipo pakutha pa nyengo kanjira ka phazi limodzi kamakhala katasanduka bwalo lamatope, udzu ndi timitengo tatifupi zitafa. Anatiphunzitsa kudutsa pakati penipeni, kapena kutsika n'kukankha. Chimodzimodzi kumanga buleki yakumbuyo mpaka tayala kukhukhuluzika potsetsereka: kamzere kamene tayala lakumba ndiko madzi a mvula amatsata, kenaka kamakula kukhala ngalande. Bungwe la IMBA, limene limaphunzitsa kalambulidwe ka njira za njinga, lili ndi lamulo losavuta kukumbukira. Kutsetsereka kwa njira kusapitirire theka la kutsetsereka kwa phiri limene njirayo ikudutsa m'mbali mwake, apo ayi madzi amasiya kuwoloka njira n'kuyamba kuyenda m'njiramo. Ndi lamulo la olambula njira zatsopano, komabe lingatithandize kuzindikira tinjira timene sitingapirire njinga zambiri.

Panalinso nkhani imene sindinaiganizirepo n'kale lonse, ya matenda a mitengo. Dothi lomatirira ku matayala ndi ku nsapato limatha kunyamula tizilombo kuchoka nkhalango ina kupita ina. Anapereka chitsanzo cha ku New Zealand, kumene mitengo ikuluikulu ya kauri ikufa ndi matenda oyenda m'dothi, moti polowera m'nkhalango zina anaikapo malo otsukira nsapato, ndipo njira zina anazitseka. Kutsuka njinga tikabwerako, tisanapite kunkhalango ina, n'chinthu choti tonse tingachikwanitse.

Sikuti msonkhano unagwirizana pa zonse. Mtsutso unakula pa funso lakuti njira zonse ziziikidwa poyera kapena ayi. Ena anati kubisa njira n'kudzikonda, ndipo kumatsekereza oyamba kumene. Ena anati malo ena ndi osalimba, akangotchuka pa mapulogalamu a pafoni a Strava kapena Komoot amatha m'chaka chimodzi. Ine ndinalankhula m'dzina lanu kuti sitikufuna kubisa kanthu, koma njira yodutsa m'dambo kapena m'munda wa munthu isatuluke mwini malo asanavomere. Ngati ndinalankhula mopitirira zimene munandituma, mundidzudzule pa msonkhano wathu. Nkhaniyi anaisiya m'manja mwa gulu lililonse. Chimene onse anavomereza n'chakuti woyenda pansi ndi woweta ziweto ndiwo oyamba pa njira, ndipo m'nkhalango zodulidwa matabwa tizifunsa masiku amene malole akuyenda, chifukwa pokhota dalaivala sangaone njinga msanga.

Tsono pempho langa kwa inu ndi ili. Njira zathu tizigawane, iliyonse ikhale ndi anthu awiri oiyang'anira, amene aziiyenda kukauma ndi kukanyowa asanatipatse fayilo ya GPX, yosunga mzere wa njirayo kuti munthu aziutsata pafoni. Pa fayilo iliyonse pazilembedwa tsiku limene njirayo inayendedwa komaliza, mtundu wa dothi, malo owolokera mitsinje, pamene netiweki ya foni imathera, ndi njira ina yothawira madzi akadzala. Zakuti "yophweka" kapena "yovuta" pazokha tizisiye, chifukwa chigwa chija chinali chophweka dzulo lake. Njira ziwiri zimene tinajambula pa kompyuta ndikupempha kuti ziyambe zadikira. Ine ndadzipereka kuyenda ya kumtsinje ija, ndipo ndikufuna munthu mmodzi woti tipite limodzi, makamaka wodziwa kulumikiza tcheni. Zithunzi za powolokera paja ndi za njinga yothyoka ija ndibwera nazo pa msonkhano wathu ukubwerawu kuti mudzaone nokha.

Ine nthumwi yanu.