Za chumuni cha mkuwa chija, achemwali

Katoto, Mzuzu

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko ku Dublin pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tonse tilipo, kungoti chisanu chafika. Mukuudziwa mwezi wa June kuno ku Mzuzu, nkhungu kugona m'mitengo mpaka 9 koloko, kamvula kowaza kosakata, zovala kutha masiku atatu pachingwe zisanaume. Amayi anu ndinawaona Lamulungu titaweruka kutchalitchi. Chifuwa chija chachepa ndipo akudya bwino.

Ndasankha kulemba kalata m'malo motumiza timauthenga pa WhatsApp chifukwa nkhaniyi ndi yaitali, ndipo ndikufuna muiwerenge mutakhala pansi. Nyumba yanu ku Luwinga yafika pabwino. Malata akhomedwa, mawindo alowa, pulasitala watha m'zipinda zonse kupatula kukhitchini. Kumeneko ndawaimitsa dala amisiri chifukwa cha chithunzi chija munanditumizira, cha chotulutsira utsi cha mkuwa chimene mukufuna chikhale pamwamba pa sitovu. Amisiri athu akungochitcha chumuni, ndiye nanenso ndizitero.

Ndinene poyambirira kuti ndachikonda. Ndachiyang'ana kambirimbiri, makamaka mmene chatambalalira kumunsi n'kumaning'a pokwera ngati nkhokwe yoimikidwa bwino, ndi timaenje ta nyundo timene tikugwira kuwala. Chinandikumbutsa wotchi ya mkuwa ija inali pakhoma kwa agogo anu, yooneka ngati mapu a Africa, imene anabwera nayo atapuma ntchito kumgodi wa Nkana ku Kitwe. Mukukumbukira mmene tinkaipukutira ndi ndimu ndi mchere Khisimasi ikayandikira? Mkuwa si wachilendo kwa ife a kumpoto kuno. Abambo ambiri a ku Nkhata Bay, Mzimba ndi Rumphi anathera mphamvu zawo ku Kitwe, Mufulira, Luanshya ndi Chingola akuukumba pansi. Choncho ine sindikuona ngati mukutengera za azungu. Chitsulo chimene agogo anu ankachiona chili mwala, inu muchiika poonekera m'nyumba mwanu, ndipo zimenezi zandikhudza.

China chimene chandikhudza ndi malo ake. Ife tinakula khitchini ili kuseri kwa nyumba, yakuda bii ndi mwaye, denga likulendewera ulusi wa utsi, mlendo akabwera timatseka chitseko kuti asaone. Amayi athu anaphika moyo wawo wonse maso ali misozi, atawerama pamafuwa. Tsopano inu mukufuna kuti munthu akangolowa pabalaza, diso lake liyambe lagwa pamalo ophikira. Ndinawaonetsa amayi chithunzicho. Anachiyang'ana nthawi yaitali, foni ataitalikitsa kumaso, kenako anafunsa kuti, "Nanga utsi ukamathawira kunja konse, chimanga cha mbewu adzachipachika pati?" Ndinawayankha kuti khitchini yakunja ikhalapobe, ndipo anagwedeza mutu kuvomera. Musaichotse papulani imeneyo, achemwali. Nyemba, nsima ya anthu ambiri pamaliro kapena paukwati, kuwamba nsomba, zonsezo malo ake ndi kunja.

Tsopano ndikuuzeni pamene mtima wanga waima. Chumunichi chikhale chogwira ntchito, chotulutsadi utsi ndi nthunzi kunja kwa nyumba. Mmisiri wina anandiuza kuti tingopachika chigoba chokongolacho popanda kuboola khoma, akuti ambiri akutero ndipo zimachepetsa ndalama. Ndakana. Zilipo zina zimene zimakoka mpweya, kuusefa m'makala n'kuubwezera m'chipinda momwemo. Zimachepetsako fungo, koma nthunzi imatsala. Kuno tili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,250, chinyezi chimatikwana kale, ndipo mwaona nokha mmene makoma a nyumba zambiri amachitira nkhungu yakuda m'makona. Mukakazinga usipa kapena batala wa ku Nkhata Bay mawindo ali otseka chifukwa cha chisanu, fungo ndi mafuta zidzakakamira m'makatani mpaka kuchipinda chogona. Ndiye paipi iyenera kutulukira kunja, ndipo ikhale ya masentimita 15 m'mimba mwake, yaifupi, yosakhotakhota. Mwamwayi sitovu yanu ikutsamira khoma lakunja, kotero paipi ingokwera pang'ono n'kutuluka. Kunjako tidzaika kachitseko kodzitsekera kokha kuti mphepo, mbalame ndi makoswe zisalowe.

Lachiwiri lapitali ndinapita kumeneko ndi makatoni awiri akuluakulu. Ine ndi kalipentala tinadula katoni molingana ndi chithunzi chanu, tinamata ndi tepi, n'kuipachika ndi waya pamene chumunicho chidzakhale. Kenako ndinabwerera kukhomo lolowera kuti ndione ngati mlendo. Achemwali, chinali chachikulu mopitirira. Chithunzi chanu anachijambula m'nyumba ya denga lalitali, pamene khitchini yanu ndi ya mamita 4 m'litali ndi 3.5 m'lifupi, siling'i yake wamba. Chinkaoneka ngati chikufuna kugwera munthu. Tinadula, tinachepetsa, mpaka tinafika pa mita imodzi m'lifupi mwake, poti sitovu yanu ndi ya masentimita 90 ndipo chumuni chimayenera kupitirirako pang'ono mbali zonse kuti chigwire utsi wothawira m'mphepete. Kutalika kwake kuchokera pasitovu tinaika masentimita 75, omwe ndi oyenera sitovu ya gasi. Ndinaimirira pansi pake ndi mthiko m'manja ngati ndikuvundula nsima, kuwerama, kuweramuka, kuti ndione ngati mutu ugunda. Sunagunde. Koma alamu ndi aatali, ndiye mundiuze msinkhu wawo kuti tiyesenso. Katoniyo ndaisiya ili chipachikire, ndipo ndikutumizirani chithunzi chake.

Nditaima pakhomo paja ndinaonanso chinthu china. Matailosi a maluwa obiriwira ndi achikasu amene munasankha kale aja sangakhalire limodzi ndi mkuwa. Azilimbirana diso. Mkuwa ndi mfumu yosafuna mnzake pabwalo limodzi. Ngati chumunichi ndiye chokopa maso, zina zonse zikhale zofatsa. Ine ndingakonde khoma lakumbuyo likhale la matailosi oyera osalemba kanthu, kapena njerwa zootcha zosapaka pulasitala koma zotetezedwa kuti mafuta asalowerere, makabati a paini wa ku Chikangawa opaka vanishi wosanyezimira, ndi zogwirira zakuda. Makabati am'mwamba asachipanikize. Tisiye mpata wa chikhatho chimodzi kapena ziwiri mbali zonse kuti chioneke maonekedwe ake onse. Ngati mufuna mkuwa wina m'chipindamo, ukhale pamalo amodzi okha, mwina mpopi wa pasinki. Matailosi amaluwawo sanatayike, akhoza kukongoletsa bafa la alendo. Ndipemphenso kuti tiike magetsi awiri a kuwala kofiirira pafupi, chifukwa mababu oyera mbee aja amaupha mkuwa, umaoneka wotuwa ngati chidebe.

Nkhani yovuta ndi ya kumene tichipeze. Ndazungulira m'mashopu a zomangira m'tauni muno, ndafunsanso kwa amalonda a ku Taifa Market amene amapita ku Dar es Salaam. Mapaipi ndi mawaya a mkuwa ndawapeza, koma chipepala cha mkuwa chachikulu chokwanira ntchito imeneyi sindinachione. Zimandiwawa ndikaganiza kuti mkuwa wa ku Zambia, kwa anansi athu enieni, umadutsa pa Nakonde ndi Tunduma kupita kudoko, ife n'kumakaufuna kutali utasanduka kale katundu wodula. Zopangidwa ndi manja ngati za m'chithunzi chanu zambiri zimachokera ku Mexico, ndipo kumeneko kuli tauni yotchedwa Santa Clara del Cobre imene anthu ake akhala akusula mkuwa kwa mibadwo yambiri. Kuitanitsa chathunthu kuchokera kutali chotero, kuphatikizapo mtengo wonyamulira ndi msonkho wapachipata, ndikuopa kuti kungadye ndalama ya makabati onse.

Nzeru yanga ndi iyi: tigule chipepala chokha ku Johannesburg kudzera mwa mlongo wanu, pamodzi ndi fani ndi zosefera mafuta zake, chigobacho chipangidwe konkuno. Ndapeza bambo wina wachikulire wokhoma zidebe ndi mbaula pafupi ndi msika waukulu. Ndinamupatsa kachidutswa ka paipi ya mkuwa kuti ndione dzanja lake. Anakang'amba, anakawongola, anakaika pamakala mpaka kanafiira, anakaviika m'madzi, kenako anayamba kukakhoma pachitsulo cha njanji ndi kanyundo ka mutu wozungulira. Timaenje tinkatuluka tondondozana ngati mamba a chambo. Atakhoma kanthawi anaima, anakapinda ndi zala n'kundipatsa kuti ndimve mmene kaumira. Anati mkuwa ukamakhomedwa umalimba, ndipo ukaumirira osaubwezera pamoto umang'aluka. Munthu wodziwa zimenezi popanda womuuza ndi woti tingamukhulupirire. Ndikufuna ayambe wapanga chonsecho ndi lata wamba, tichiyese pakhoma, ndipo tikakhutira ndiye akhudze mkuwa wanuwo. Mkati mwake, momwe mafuta ndi kutentha zimafikira, mukhale chitsulo chosachita dzimbiri, mkuwa ukhale chovala chakunja.

Mlongo wanu mumuchenjeze pogula. Pali zambiri zongopakidwa mtundu wa mkuwa pamwamba pomwe mkati ndi chitsulo wamba, chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Atenge maginito m'thumba. Mkuwa weniweni sugwira maginito. Ayang'anenso m'mphepete modulidwa, mtundu wake ukhale umodzi kuyambira pamwamba mpaka mkati. Akumbukire kuti ndi wolemera kuposa chitsulo: chipepala cha mita imodzi mbali zonse, chochindikala milimita imodzi, chimalemera pafupifupi makilogalamu 9. Chumuni chonse pamodzi ndi felemu ndi fani chidzapitirira makilogalamu 25, n'chifukwa chake ndikufuna tichimangirire m'njerwa ndi mabawuti, osati pasiling'i. Ndi chifukwa chomwecho ndaimitsa pulasitala, kuti bowo la paipi ndi waya wa magetsi zilowe khoma lisanasalazidwe. Misomali ndi zomangira zokhudza mkuwawo zikhale za buraasi (mkuwa wachikasu) kapena za chitsulo chosachita dzimbiri, chifukwa mkuwa ukagundana ndi lata kapena aluminiyamu pamalo a chinyezi, chinzakecho chimadyeka.

Pali funso limodzi loti muyankhe nokha, ndipo muliganizire bwino. Mkuwa sukhala wowala monga mmene ulili m'chithunzimo. Mpweya, nthunzi ndi manja a anthu zimausintha. Umayamba wofiira ngati dzuwa likamalowa, kenako umadera ngati ndalama za 1 tambala ndi 2 tambala zimene tinkagulira maswiti zija, ndipo ukakhala panja pamvula zaka zambiri umabiriwira, monga chinachitira chifanizo chija cha Statue of Liberty ku New York. M'nyumba sufika msanga pobiriwira, umangodera mosiyanasiyana, apa kwambiri, apa pang'ono. Mukafuna ukhale wowala mpaka kalekale, pali njira ziwiri: kuupaka vanishi woonekera mkati, amene pakapita zaka amayamba kusupuka pamalo otentha n'kusiya mawanga, kapena kumaupukuta kawirikawiri monga tinkachitira ndi wotchi ya agogo. Ganizirani munthu atakwera pampando mwezi uliwonse kupukuta chinthu chachikulu chotero. Ine ndikuti musiyeni udere. Tiziupaka phula la njuchi kawiri kapena katatu pachaka, poti uchi ndi phula kuno kumpoto sizisowa, ndipo tiziutsuka ndi nsalu yofewa ndi sopo wochepa basi. Waya wotsukira mapoto asayandikire, ngakhale mankhwala oyeretsera zovala. Ndimu akadonthera amasiya banga lowala, koma limadzaderanso lokha. Mkuwa wodera umagwirizana ndi paini ndi njerwa kuposa wonyezimira, ndipo udzaoneka ngati wakhala m'nyumbamo kuyambira kale.

Chinthu chimodzi ndikupemphani ndi mtima wonse. Chumunichi chisadzanamize aliyense kuti mbaula ikhoza kulowa m'nyumba. Magetsi akathima fani nayo imaima, ndipo nthawi imeneyo ndi yomwe anthu amathamangira makala. Mpweya woipa wa makala suoneka, sununkha, ndipo nyengo yachisanu ino timamva za anthu ogona osadzukanso chifukwa choothera mbaula chitseko chili chotseka. Aliyense wodzakhala m'nyumbamo ndidzamuuza ndekha zimenezi. Komanso poti pabalaza mwaika malo osonkhapo moto, fani ikamazungulira zenera limodzi lizikhala lotsegula pang'ono, apo ayi imatha kukoka utsi wa pabalazapo kuubwezera m'nyumba.

Sindikufuna kuchipachika nyumba ili yopanda anthu. Mkuwa uli ndi msika kwa ogula zitsulo zakale, ndipo anthu amadula ngakhale mawaya a magetsi chifukwa cha iwo. Chikapangidwa chidzakhala kwathu kuno ku Katoto, chokulungidwa m'bulangete, mpaka mutabwera mu December.

Ndiye mundiyankhe zinthu zitatu izi sabata ino kuti amisiri asabalalike: msinkhu wa alamu, ngati mwavomera kusintha matailosi, ndiponso ngati mukufuna wowala kapena wodera. Ndalama yotsala ya simenti ilipo, ndalemba zonse m'kope lija ndipo malisiti ndasunga. Khofi wa Mzuzu amene munapempha ndagula mapaketi anayi, ndingodikira munthu wodalirika wobwera kumeneko. Amayi akuti muwatumizire chithunzi cha mdzukulu wawo wamng'onoyo atavala yunifolomu.

Moni kwa alamu ndi ana onse.

Ndine mnzanu wa kuyambira ku pulayimale,
Amake mapasa