Makope a abusa athu ndiwapereke kwa yani?

Azakhali,

Ndikulemba kuchokera ku Domue, m'boma la Angónia ku Mozambique. Ndine mayi wa chigwirizano mu mpingo wa Reformada, ndipo tulo sindikutiona chifukwa cha makope amene abusa athu akale anandisiyira asanatsikire kuli chete.

Abusawa tinathawira nawo limodzi ku Dedza nkhondo itafika povuta mu 1986. Kumeneko mabaibulo anali osowa, ambiri tinawasiya m'nyumba zikuyaka. Iwo anapulumutsa Buku Lopatulika lawo, ndipo anayamba kulemba m'makope a ana asukulu: vesi pamwamba, kufotokoza kwawo pansi, m'Chinyanja chathu chomwechi. Kope linkayenda khomo ndi khomo, wodziwa kuwerenga n'kumawerengera anzake.

Pa Yeremiya 29 ndi pamene anakhalitsa, kalata ija yopita kwa andende a ku Babulo, yowauza kuti amange nyumba, alime minda ndi kufunira mtendere mudzi umene akukhalamo. Ife tinkangokhala pansi kudikira ufa wa chithandizo ndi tsiku lobwerera. Iwo anatidzutsa ndi chaputala chimenechi mpaka tinapempha madimba kwa eni dziko. Buku la Rute analilembera masamba ambiri chifukwa amasiye tinalipo ochuluka. Analemba kuti Naomi atanena kuti Yehova wamubweza wopanda kanthu, palibe anamudzudzula, choncho ifenso tisatseke pakamwa munthu wolira. Ine mwamuna wanga anali atangophedwa kumene, ndipo tsamba limenelo ndi limene linandibwezera kutchalitchi.

Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992 tinabwerera kwathu, iwo n'kupitiriza kulemba mpaka atapuma pa ubusa, maso n'kuyamba kuchita mdima. Ndinali ine wowawerengera. Atadwalika anandiitana, amayi abusa ali pomwepo, n'kundipatsa makope onse kuti ndisunge. Amayiwo nawonso anatisiya, ndiye mboni ndilibe.

Tsopano mwana wawo wachisamba, amene amagwira ntchito ku Moatize, akuti makopewo ndi chuma cha banja, ndimupatse. Sindikumutsutsa, ndi dzanja la bambo ake. Koma ana ake amawerenga Chipwitikizi chokha, ndipo ndikuopa kuti akangowatsekera m'sutikesi. Akulu a mpingo nawonso akufuna apite nawo ku Ulongwe akawapange fotokope kuti ophunzira ubusa ku sukulu ya Hefsiba aziwerenga. Maganizo amenewa ndimawakonda, chifukwa abusa sankalembera sutikesi, ankalembera anthu. Komanso chiswe chayamba kale kope lina, inki ikufufutika.

Chimene sindinauze aliyense ndi ichi. M'makope ena, kuseri kwa masamba a chiphunzitso, abusa analemba mayina a anthu amene ankawapempherera ndi zimene anaulula kwa iwo. Muli amene analozera asilikali khola la mnzake. Muli mayi amene mwana wake si wa bambo amene amamutchula bambo. Ena mwa anthuwa ali moyo, timakhala nawo pa benchi imodzi Lamulungu. Tsamba likang'ambidwa, chiphunzitso cha kuseri kwake chipitira limodzi, ndipo kung'amba zolemba za munthu wa Mulungu mtima wanga ukukana.

Ndithandizeni, Azakhali. Kodi mawu a malemu opanda mboni ali ndi mphamvu kuposa ufulu wa mwana wake? Ndikakopera ndekha chiphunzitso chokha m'makope atsopano n'kupereka amenewo ku mpingo, akalewo ndiwatani, popeza mwanayo akawatenga awerenga zonse? Nanga ndimuuze bwanji chifukwa chimene ndikukanira ena popanda kuulula zimene zilimo? Wanena kuti abwera ndi amalume ake tikamaliza kukolola.

Ine mayi wothedwa nzeru,
Domue, Angónia