Zikomo a Beamish Museum, makamaka bambo osonkha moto pa Puffing Billy

Okondedwa akuluakulu a Beamish Museum,

Tikulemba m'dzina la gulu lathu la Amalawi okhala kumpoto kwa England. Popempha ulendo wodzaona injini zanu za sitima zoyendera malasha, mitima inali m'mwamba, poti malo ena osungirako zakale anatitopetsa. Kalata sayankha. Ukaimba foni amati wodziwa zimenezo sanabwere, yesaninso mawa. Ukafika umapeza injini yozizira, yotchingidwa ndi chingwe, penti ali waliwali koma dzimbiri likudya boyila (thanki yowiritsiramo madzi), wofotokoza palibe. Kwanu yankho linabwera msanga, zotsalazo zinangoyenda.

Koma atilembetsa kalatayi ndi bambo osonkha moto ku Pockerley Waggonway, njanji yanu yoyendapo injini zakale. Tinali ndi agogo amene pa unyamata wawo ankagwira ntchito pa injini za malasha ku Limbe, ndipo tsopano amamva movutikira. Bambowo atazindikira, anatsika, anapukuta manja, n'kuima pafupi ndi khutu la agogo, kubwereza zonse modekha mpaka agogo atakhutira.

Anafotokoza kuti injini yanu ya Puffing Billy inapangidwa mu 2006 potengera ya William Hedley ya kumgodi wa Wylam, ya m'zaka za 1813 ndi 1814, imene ili ku Science Museum ku London. Paipi ya moto imalowa m'boyila n'kukhota kubwerera, n'chifukwa chake khomo la moto ndi chumuni zili mbali imodzi, woyendetsa ali kumbali inayo. Boyila yozizira imafuna maola angapo; ukaifulumizitsa, chitsulo chimafutukuka mosiyana ndipo molumikizira mumayamba kudontha. Malasha ndi othira pang'ono koma pafupipafupi. Utsi ukada bii, ndiye kuti achuluka, mpweya ukuperewera. Diso lisachoke pa mlingo wa madzi, chifukwa akatsika mpaka paipi kukhala pamtunda, chitsulo chimapsa n'kufewa. Mkati namonso mumafunika kutsuka, poti zotsalira za m'madzi zikamatirira zimatsekereza kutentha.

Pamapeto anapatsa agogo fosholo kuti aigwire, n'kuwafunsa momwe ankasonkhera moto ku Limbe, ndipo anamvetsera ngati wophunzira. Zimenezi palibe anawatuma.

Chonde mawuwa akawafike bambowo pamaso pa anzawo onse. Tikanakonda a malo ena aja atabwera kudzaona momwe mumalandirira mlendo wokalamba.

Ndife anu oyamikira,
A gulu la Amalawi kumpoto kwa England