Njinga ya tayala limodzi mmapiri si misala, ndi masewera enieni

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo kudzera mu nyuzipepala yanu pa kanema uja wakhala akuzungulira mmagulupu a WhatsApp, wa munthu akutsika phiri pa njinga ya tayala limodzi, yopanda handulo yopanda tcheni, akudumpha miyala ndi mizu ya mitengo. Ambiri angoti ndi misala ya azungu, ena akuti nzopanga pa kompyuta, ena mpaka akuti pamenepo pali mankhwala. Ine zandiwawa ndithu chifukwa amenewa ndi masewera enieni, eni ake amawatchula kuti muni, ndipo thukuta lomwe munthu amakhetsa kuti afike pamenepo si lamasewera ayi.

Tonse tikudziwa kuti pa njinga yathu yamasiku onse ukafika pa mtsetse umangosiya kutchova, miyendo nkupuma njinga ikupita yokha. Nde pa ya tayala limodziyi zimenezo kulibe, mapedulo anawamangirira ku tayala lenilenilo, tayala likazungulira kamodzi miyendo nayo yazungulira kamodzi, kutanthauza kuti potsika phiri maondo ako ndi amene akubweza njinga kuti isathawe, phiri lonse mpaka pansi osapuma olo pang'ono. Zambiri za masiku ano zili ndi buleki, kogwirira kake kamakhala pansi pa chishalo chakutsogolo, ndiye munthu dzanja limodzi wagwira chishalo chala chili pa buleki, dzanja linalo lili mmalere likupalasa mphepo kuti asagwere mbali. Akafinya buleki kwambiri agwa chafufumimba, akalekerera njinga imusiya mmbuyo. Akapeza muzu waukulu kapena mwala woti tayala silingakwere amaimika mapedulo mofanana, nkuima chilili pomwepo, kukoka chishalo nkudumpha nayo njingayo. Muoneninso kanemayo bwinobwino muona kuti maso ake sali pa tayala, ali patsogolo kusankha podutsa.

Ndipo sizinayambe dzulo. Bambo wina George Peck wa ku Seward ku Alaska ankayenda kale pa miyala ndi njinga yotereyi mzaka za mma 1980. Kenako kunabwera Kris Holm wa ku Canada yemwe anatchuka mmisewu ya mnkhalango za North Shore ku Vancouver, kumalo koti ngakhale akatswiri a njinga za matayala awiri amapita mtima uli mmwamba, kuli mvula pafupipafupi, mizu yoterera komanso timilatho ta matabwa topapatiza tomangidwa mmwamba. Iyeyu mu 2010 analowa nawo mpikisano wa BC Bike Race wa masiku 7 ali pa tayala limodzi anzake ali pa awiri, ndipo anayambitsa kampani yopanga njinga zimenezi yomwe ili ndi dzina lake. Mpikisano wa dziko lonse uliponso, Unicon, unayamba mu 1984 ku America ndipo masiku ano umachitika pa zaka ziwiri zilizonse, muli mipikisano yokwera phiri, yotsika phiri ndi yodutsa mtchire. Ku Switzerland a kampani ya Schlumpf anapanga mpaka giya yokhala mkati mwa tayala, munthu amasintha pomenya kabatani ndi chidendene ali pa liwiro. Misala yake iti yokhala ndi zonsezi?

Kuopsa kulipo, sindikubisa. Mapedulo ake amakhala ndi timisomali toti nsapato isaterereke, nde phazi likaphonya timisomali timeneto timang'amba msongolo, nchifukwa chake amavala zotchinga kumiyendo, magolovesi, zoteteza mmikono ndi helimeti. Koma chomwe ambiri sakuchiona nchoti njingayi liwiro lake limathera pomwe miyendo yathera, siithamanga ngati ya matayala awiri pa mtsetse, komanso palibe handulo kapena fulemu yokukola miyendo, kawirikawiri zikavuta njinga imagwa payokha munthu nkutera choimirira akuthamanga. Kugwa amagwa kambirimbiri inde, koma si kugwa konse komwe kumathera ku chipatala.

Chomwe chikundidetsa nkhawa ndi ana athu, poti kanemayo awonera nawo ndipo mukuwadziwa mmene alili, mawa lomweli wina achotsa tayala la njinga ya bambo ake nkukayesera pa chitunda. Akatswiriwa anayambira pa malo a fulati atagwira khoma, masiku ambirimbiri akungophunzira kukhala pa chishalo basi, za mapiri zimabwera patapita nthawi yaitali. Zimenezi kanema wa mphindi imodzi sanena, ndipo ife akuluakulu tikamangoseka kuti ndi mankhwala mwana palibe chomwe waphunzirapo.

Nde pempho langa a Mkonzi, tsamba lanu la zamasewera lisamangokhala mpira wokhawokha sabata ndi sabata. Tipatseniko nkhani imodzi yofotokoza bwino za muni, ndi zithunzi zooneka zovala zodzitetezera zija, mulembenso momveka kuti woyamba kumene amayambira pansi osati pa phiri.

Ine wowerenga wanu,
Wokonda za njinga, Zomba