Mwana woloweza Atate Athu sikuti wadziwa kuwerenga

Akonzi,

Tiloleni tilankhule ndi makolo, aphunzitsi a kalasi yoyamba ndi yachiwiri, komanso makatekisiti a m'maparishi a Angónia, Tsangano ndi Macanga mu Dayosizi ya Tete ku Mozambique. Ana ambiri a zaka 6 mpaka 8 amanena Atate Athu ndi Tikuoneni Maria osaphonya, koma mukawalozera mawu oti "atate" papepala amangoti maso tong'o. Sukulu za boma sizimaphunzitsa chipembedzo, ndipo maphunziro a zilankhulo ziwiri, Chinyanja ndi Chipwitikizi, sanafike paliponse, choncho ana ambiri amayamba ndi Chipwitikizi chomwe kunyumba sachimva. Mpata tili nawo ku katekisimu: mphindi 20 zoyambirira zikhale za maliwu a zilembo m'Chinyanja chomwe mwana amapempherera.

Zipangizo zake n'zosavuta. Dulani katoni ya sopo timakadi totalika ngati chikhatho, chilembo chimodzi chaching'ono pakhadi lililonse, cholembedwa ndi makala kapena choko chonyowa. Masabata awiri oyamba akhale a a, e, i, o, u basi. Kenako m, t, n, k, l, zilembo ziwiri pa sabata, osapitirira. Chilembo chatsopano chizilumikizidwa nthawi yomweyo: ma, me, mi, mo, mu. Akangodziwa t, mwana aike yekha makadi a-ta-te pamphasa, ndipo mumuuze kuti mawu amenewa ndi omwe amayambira pemphero lake. Ana akapitirira 15 agaweni, apo ayi atatu akutsogolo adzayankha ndipo otsalawo adzangotsatira nyimbo.

Cholakwika chachikulu ndi kuphunzitsa dzina la chilembo m'malo mwa liwu lake. Kusukulu m amatchedwa "eme", l ndi "ele". Mwana woloweza zimenezi akaona "ma" amati "eme-a" n'kuima pomwepo, chifukwa mayina awiriwo salumikizika. Mphunzitsi atseke milomo, atulutse mmm, atsegule pa a.

Pemphero lenilenilo lili ndi misampha yake. Mu "Atate athu" muli t ndi th moyandikana. Mwana agwire kapepala patsogolo pa milomo: pa "ta" sikasuntha, pa "thu" kagwedezeka ndi mpweya. N'chimodzimodzi k ndi kh, p ndi ph. Chizindikiro cha mtanda chimapereka mawu oti mwana, mzimu ndi dzina, koma amenewa adikire mpaka mwezi wachitatu, pakuti zilembo zophatikizana zimalemera. Mawu oti Mulungu aikidwe pambali pa ng'ombe, ya m'khola la ku Betelehemu ija, kuti ana amve ntchito ya kachizindikiro kapamwambako. Akulu ambiri amakaiwala polemba, nanga mwana?

Kuno kumalire kulinso china. Mabuku a mapemphero ochokera ku Dedza amalemba "chakudya", mabuku a Chinyanja a m'sukulu za Mozambique amalemba "cakudya", pomwe m'Chipwitikizi ch wa "chuva" amamveka ngati sh, ndipo c wa "casa" ndi k. Liwu lathu la ny m'Chipwitikizi amalemba nh, monga mu "galinha". Musazibise, komanso musazikhuthule zonse tsiku limodzi. Sankhani kalembedwe ka buku lomwe ana aligwire m'manja, ndipo akakhazikika muwaonetse enawo, makadi ake akhale ndi mzere m'mbali kuti asasakanikirane.

Kuyesa ngati mwana akuwerengadi, musamupatse pemphero lathunthu, chifukwa adzayendetsa chala uku akutchula za pamtima. Lembani mawu asanu a m'pempheromo pamakadi osiyana, dzina, lanu, ufumu, lero, ife, muwasokoneze, mwana atole lomwe mwatchula. Akalephera awiri, bwererani ku maphatikizo, musamukalipire.

Chaka cha Mpingo chimathandiza pokonza ntchito. Sukulu imatsegulidwa Lenti ali pafupi, ndiye ana angalembe manambala 1 mpaka 14 a Njira ya Mtanda. Mu Okutobala, mwezi wa Kolona, atunge njere 10 pa ulusi, pa njere iliyonse atchule phatikizo limodzi asananene Tikuoneni Maria. Njere zikhale zazikulu ndipo muziwerenge pomaliza, ana aang'ono amalowetsa chimanga m'mphuno. Mu Juni ndi Julayi kuzizira kwa ku Ulónguè, likulu la Angónia, kumaumitsa zala, choncho yambani ndi kuwomba m'manja pa phatikizo lililonse, A-le-lu-ya kanayi, kulemba kubwere dzuwa likatentha.

Tikupempha ansembe ndi atsogoleri a miphakati kuti pa maphunziro a makatekisiti aitane mphunzitsi mmodzi wa kalasi yoyamba adzaonetse katchulidwe ka maliwuwa kwa theka la tsiku, ndipo makadi aziikidwa m'thumba la pulasitiki kuopa chiswe ndi chinyezi cha dzinja.

Ndife,
Aphunzitsi ndi makatekisiti ena,
Angónia, Tete