Kwa mkulu wa alangizi a ziweto: nzimbe si chimanga

Bwana,

Ndikulemba manja akununkha mowa, sikuti ndamwa ayi, ndangochoka kumene kudzenje la saileji ya nzimbe, chakudya cha ng'ombe chomwe timasunga chotsekera m'dzenje. Tinachita zonse mmene alangizi anu anatiphunzitsira pa chimanga, kudula tizidutswa, kupondaponda, kuphimba ndi pulasitiki, koma titatsegula mulu unali utaphwa ndipo ng'ombe zimangonunkhiza nkubwerera.

Ndadzadziwa mochedwa kuti vuto ndi shuga. Nzimbe imabwera ndi yisiti yake kuchokera kumunda, ndiye mukaitsekera yisiti ija imadya shuga nkumusandutsa mowa ndi mpweya, zomwe mumati zinenepetse ng'ombe zimangouluka, kutsala zangati zija munthu amalavula akatafuna nzimbe. Ku Brazil komwe amadyetsa kwambiri nzimbe ng'ombe za nyama anafufuza kalekale zimenezi, nanga ifeyo bwanji sitiuzidwa?

Zothira zilipo. Pali bakiteriya wotchedwa Lactobacillus buchneri, amapanga asidi ngati wa mu viniga yemwe amafooketsa yisiti, koma amafuna dzenje likhale chitsekere pafupifupi miyezi 2, osati kutsegula msanga poti ng'ombe zikulira. Pali laimu wa calcium oxide, pafupifupi kilo 1 pa makilo 100 a nzimbe zodula, amachepetsa mowa nkufewetsako zolimba zija, kungoti amawotcha manja ndi maso ndipo amachulutsa calcium ndiye phosphorus uyenera kumuwonjezera. Sodium benzoate, mankhwala otetezera zakudya kuti zisawonongeke, nayenso amagwira. Chomwe chinandipweteka mtima nchakuti mankhwala ena a saileji ya chimanga, aja a bakiteriya wa Lactobacillus plantarum okhaokha, pa nzimbe sathandiza kwenikweni, mowa umapangika basi, munthu nkumati wagula chabwino.

Komanso musabise kuti nzimbe ilibe mapuloteni okwanira, ng'ombe singanenepe nayo yokha ngakhale saileji itakoma bwanji. Ambiri amathira urea pofuna kuwonjezera mapuloteniwo, chabwino, koma urea yochuluka kapena yosasakaniza bwino imapha ng'ombe tsiku lomwelo, imafunika kuizoloweza pang'onopang'ono ndi kasalufa pang'ono.

Pempho langa ndi ili bwana, alangizi asiye kutiwerengera pepala la chimanga tikafunsa za nzimbe. Akumbe maenje awiri pamaso pa alimi, lina athire lina asathire, tidzatsegule limodzi tinunkhize tokha. Sikelo abweretse, chifukwa muyezo wa laimu ndi urea sitingauyeze ndi maso.

Ine wanu,
Mlimi wa ng'ombe za nyama